Kachubu ka Apongozi

Chikamwini musachione masiku ano pamene anyamata akupemphana fodya ndi apongozi awo. M'masiku a boma la Chitaganya, kumidzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mkamwini anali munthu woyenda monyang'ama. Akaona apongozi aakazi akubwera, ankapatukira m'tchire, kaya muli chitedze kaya minga, n'kufulatira mpaka adutse. Nkhope yawo sankaiyang'ana, nawonso yake sankaiyang'ana. Mawu akakhalapo ankadzera mwa mkazi, ngakhale onse atatu ali pabwalo limodzi. Amati ndi ulemu. Ine sinditsutsa, koma tamvani zimene ulemuwo unamuchita Eneya.

Eneya anali mnyamata wa ku Chiringa, ndipo anakakwatira Belita kudambo, kwa alimi a mpunga. Diso lake lamanzere linafa ndi chikuku ali mwana, linangotsala lotuwa ngati la nsomba yowiritsa. Moyo wake wonse unali pa diso lamanja. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndiye nyimbo ya Eneya inali khasu. Chaka chake choyamba analima osaweruka, podziwa kuti mudzi wonse ukumuyesa. Thomsoni, amene anakwatira mkulu wake wa Belita, anali atathamangitsidwa kumene. Ameneyo ankadwala nthawi yolima, kudwalanso nthawi yokolola, n'kuchira nthawi ya mowa. Tsiku lina anangopeza mphasa ndi chikwanje chake zili panja, ndipo panalibe womufotokozera tanthauzo lake.

Mpunga unacha bwino chaka chimenecho. Tsiku lina masana, akupuntha mitolo ndi ndodo, kambewu kamodzi kanadumpha n'kumulasa Eneya m'diso lamanja, penipeni. Belita anamugoneka pamiyendo, natong'ola chikope, n'kuchotsa chitsotsocho ndi lilime monga amachitira amayi kwa ana. Kanatuluka kankhusu kakang'ono zedi, kosayenera n'komwe kukalira. Anthu anaseka, ntchito n'kupitirira.

Diso lokha silinaseke nawo. Linafiira psuu, likungotsika misozi, ndipo dzuwa likaliwomba Eneya ankamva ngati wina akulasa ndi singano. Anapirira masiku angapo, kenako anauza mkazi wake.

"Belita, kauze amayi kuti ndikufuna ndipite kuchipatala cha mishoni. Ndi diso limodzi lomweli."

Chipatalacho chinali kutali, kutsinde kwa phiri, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo aliyense ankadziwa kuti odwala maso amawagoneka. Belita anapita kuseri kwa mpanda wa bango kumene kunali nyumba ya amayi ake. Eneya anaima uku, atafulatira, koma mawu onse ankawamva bwinobwino.

"Mpunga uli mbwee pansi, mbalame zikuchita phwando, ndiye akamwini akagone ku mishoni?" anatero amake Davisoni, pakuti ndimo ankawatchulira, potengera mwana wawo wamwamuna. Pamene anayankhulanso mawu awo anali ofewa. "Mwana wa eni ake uja amagwira ntchito, si Thomsoni ayi. Tadikira."

Musawaweruze msanga mayiwa, sanali oipa mtima. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chinthu chimene ankachisunga koposa nsalu yawo ya kutchalitchi. Mwana wawo Davisoni atabwera kuchokera ku Halale, kumene ankagwira ntchito m'fakitale ya fodya, anafika ndi chipewa, njinga, ndi kachubu kamodzi ka mankhwala a maso, onga mafuta. Fumbi la fodya linamutupitsa zikope kumeneko, dokotala wa kampani n'kumupatsa mankhwalawo, ndipo anachira msangamsanga. Otsalawo anapatsa amayi ake. Iwo anakulunga kachubuko m'kansanza n'kukasomeka kudenga. Mchimwene wawo weniweni atadwala maso anawamana. Lero anali kukatulutsira mkamwini.

Belita anabwera atakanyamula ndi manja awiri, nkhope ili mwee.

"Amayi akuti mupake awa. Ndi a azungu enieni, a ku Halale, kuposa a ku mishoni. Mukudziwa kuti ngakhale amalume anawakaniza?"

Akanatani Eneya? Anawomba m'manja kuloza kumpanda, nagona chagada, Belita n'kufinyira kamzere ka mafutawo m'chikope.

Ndiye mankhwala aja anagwira ntchito, abale. Sipanapite nthawi, ululu unazilala. Kufiira kunayamba kutha, misozi inaleka, munthu n'kumayenda padzuwa osaphimba kumaso. Anabwerera kudambo n'kumasenza mitolo iwiri pamene anzake akusenza umodzi. Mbiri inawanda mpaka kumadoko a asodzi. Azimayi a m'mudzi potunga madzi ankanena kuti amake Davisoni ali ndi mkamwini wamwayi, ndipo iwo, ngakhale ankati aa, n'zazing'ono, mumtima ankanyada. Anamuphikira nyemba za kalongonda zopsa bwino n'kutumiza m'mbale yovundikira. M'mawa uliwonse mawu awo ankadutsa pampanda.

"Belita, diso la akamwini ladzuka bwanji?"

"Kufiira kwatha, mayi."

"Kupweteka?"

"Akuti kulibe."

"Eya. Azipakabe, asaleke."

Mafunso awo anali awiri omwewo, ndipo mayankho onse awiri anali oona. Funso lachitatu, loti kodi munthuyo akuona bwino, panalibe woliganiza, kupatula mwini diso. Eneya anayamba kuzindikira kuti pakati pa chilichonse chimene wachiyang'ana pali kautsi. Poyamba ankati ndi mafuta aja, n'kumapukuta. Kautsiko sikankachoka. Akayang'ana chilumba cha Chisi, chimene kale ankaona ndi mitengo yake yomwe, ankangoona mdima wotambalala pamwamba pa madzi. Anapempha Belita kuti amuyang'ane bwino pakuwala.

"Pali kadontho kotuwa," anatero Belita. "Ndi chipsera. Bala likamapola limatero."

"Kakukula kapena kakuchepa?"

"Inunso. Munthu wachira, mukufunanso matenda?"

Eneya anachita mantha, mantha enieni, a munthu amene akudziwa kale mmene diso limafera. Anaganiza zoleka mankhwala mwakachetechete. Anauza Belita kuti azipaka yekha, n'kumapaka pa udzu wa tsindwi. Apa ndiye msampha unafwamphuka. Atangoleka, diso linabwezera mokwiya kuposa poyamba: kufiira, kutupa, ululu wofika mpaka m'mano. Sakanatha kubisa. Belita anaona mafuta ali nyezinyezi pa udzu, ndipo anakhala pansi n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu.

"Mukufuna anthu anene chiyani? Kuti mwakana mankhwala a amayi? Munthu amakana mankhwala a munthu amene akumuganizira ufiti. Ndi zimene mukuwanena amayi anga?"

"Sindinanene zimenezo, Belita."

"Mudzi unena. Ndiponso taonani nokha: mwaleka, lafiira. Mukapaka, likhala bwino. Nanga mboni ina mukuifuniranji?"

Zimene mkazi wake ankanena zinali zooneka ndi maso, pamene zake zinali m'kati, zoona iye yekha. Anagonanso chagada, Belita n'kufinya kachubu. Diso linakhalanso phee, mawu a pampanda n'kumati eya, mwaona, ndipo kautsi kaja kanasanduka nkhungu.

Munthu mmodzi yekha amene mkamwini angalankhule naye momasuka ndi mlamu wake. Eneya anamupeza Davisoni akupukuta njinga yake pamthunzi, chipewa chili pamutu ngakhale panalibe dzuwa.

"Alamu, kodi dokotala uja pokupatsani mankhwalawa anachita bwanji?"

"Ha, alamu, a ku Halale si anzanu a kuno. Anandikhazika pampando, kundidonthezera timadzi tachikasu, kuunika ndi tochi uku ndi uku. Akuti akuona ngati muli bala. Atapeza kuti mulibe, ndiye anandipatsa."

"Mukanakhala bala?"

"Ndidziwa bwanji ine? Munalibe."

"Sananene china?"

"Anati ndipake mlungu umodzi basi, ndibwerenso adzaone. Anatinso ndisapatse munthu wina."

"Munabwerera?"

"Kukatani, munthu nditachira? Ndipo zoti usapatse wina amanena onse, ngakhale asing'anga athu omwewa. Amaopa kuti malonda angawathere." Davisoni anaseka n'kumumenya paphewa. "Kapena mwatopa ndi mpunga, alamu? Nenani, tikufunireni mphasa ya Thomsoni."

Chinali chilamu chabe, nthabwala, koma Eneya anachoka osaseka. Tsopano anadziwa kuti mankhwalawo sanali a diso longa lake. Nanga akanauza yani? Akati apite kuchipatala popanda chilolezo, ndiye kuti wathawa ntchito ndi diso loti mudzi wonse ukuliona kuti ndi labwino, wanyoza mphatso, ndipo akabwera apeza mphasa panja. Belita ankamukonda, iyenso ankamukonda Belita, ndipo mkaziyo anali ndi pakati poyamba. Akati atumize mawu, mawuwo ankayenera kudzera mwa Belita yemweyo, amene ankawasenda makoko onse asanafike kwa amayi ake. "Sindikuona" ankafika kuseri kwa mpanda atasanduka "akuti pang'onopang'ono." Osamunena Belita, ankateteza banja lake mmene ankadziwira. Eneya anawerengera kuti mpunga ukangolowa m'nkhokwe adzanyamuka, ndipo tsiku lililonse ankapempha Mulungu kuti diso limudikire.

Anaphunzira kubisa. Kudambo ankatsatira mawu a anzake. Pothira mpunga m'thumba ankayamba wagwira kukamwa kwa thumbalo ndi dzanja. Tsiku lina anapereka moni kwa chitsa, anthu n'kufa nako kuseka, iyenso anaseka nawo ngati wachita dala. Mumtima ankalira.

Kumunda kwa apongozi kunali kanjira kamodzi kokha, kamzere kouma kodutsa pakati pa matope, kokwana munthu mmodzi. M'mawa wina Eneya ankabwerera kumudzi atasenza thumba. Dzuwa linali kutsogolo kwake, ndipo dziko lonse linali loyera mbuu. Ankayenda ndi mapazi okha, kufufuza pouma. Anamva ngati wina wakhosomola, koma anayesa ndi kutali. Anamvanso kukhosomola kwachiwiri, kwamphamvu. Asanaganize kanthu, chifuwa chake chinagunda munthu, lichero linagwa, ndipo wina anaphonyokera m'matope, thapwa.

"Pepani, pepani," anatero Eneya, akuponya thumba pansi ndi kutambasula dzanja. Anagwira mkono wowonda wokhala ndi chibangili. "Ndani kodi?"

Amayi amene ankamweta chapafupi anasiya nyimbo yawo. Kenako mmodzi ananong'ona, koma mawu a padambo amayenda.

"Wagunda apongozi ake. Wawagwira ndi pamkono."

Eneya anasiya mkonowo ngati wagwira moto. Miyendo inafuna kuthawira m'bango, koma bangolo linali kuti? Anaima pomwepo. Manyazi anali atafika kale pamapeto, panalibenso choti asunge. Choncho anagwada m'kanjiramo, nadzutsa nkhope yake, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire.

"Mayi," anatero. "Ndalakwa, mundilange mmene mungafunire. Koma chonde ndiyang'aneni m'diso. Inuyo, osati Belita. Sindinakuoneni. Ngakhale pano sindikukuonani."

Anamva matope akulira pamene mayiwo ankakwera pouma, anamva mpweya wawo pafupi, fungo la utsi ndi fodya wapamphuno. Zala zozizira zinagwira chibwano chake n'kuchitembenuzira kudzuwa. Kenako chala chimodzi chinakweza chikope.

Amake Davisoni anali atalera ana, atasambitsa maliro, ataona maso a anthu ndi a ziweto. Zimene Belita ankati chipsera iwo anaziona mmene zinalili. Koyera kwa diso kunalidi koyera, kopanda mtsempha wofiira ndi umodzi womwe. Koma pakati ponse, pamene payenera kukhala pakuda, panali chilonda chotuwa, chokumbika, ndipo m'munsi mwake munali mutadikha mafinya.

"Chakhala chonchi kuyambira liti?" anafunsa. Aka kanali koyamba kuti amulankhule.

"Ndi kale, mayi."

"Osanena bwanji?"

Mayiwo sanadikire yankho. Anaimirira n'kuitana mayi wina mwa omweta aja.

"Thamanga ukauze Davisoni atulutse njinga. Belita amange kamba."

"Nanga mpungawu?" wina anafunsa.

"Mbalame zidye."

Ananyamuka dzuwa lisanakwere. Eneya anakhala pakaliyala, Davisoni akukankha chifukwa mchenga unali wambiri, nthabwala zonse zitamuthera. Belita ankatsatira ndi mtolo, ndipo pambuyo pake, ndi matope ouma m'miyendo, ankabwera amake. Palibe anawauza kuti atsale. Atadutsa dambo n'kulowa m'minda ya nandolo, njinga inagwa m'kadzenje, ndipo Eneya anamva kanthu kakuphulika mofewa m'diso. Madzi ofunda anatsikira patsaya mpaka pakhosi. Sanali misozi, misozi ankaidziwa. Anangophimba ndi dzanja osauza munthu.

Anafika ku mishoni madzulo. Amene anawalandira anali adokotala aMakina, bambo wachikulire wolankhula pang'onopang'ono. Anamukhazika Eneya pampando, kumudonthezera timadzi, kuunika ndi tochi, ndendende mmene Davisoni anafotokozera. Anaunika nthawi yaitali. Kenako anafunsa chimene chinalasa disolo, ndi chimene akhala akuthiramo. Belita anamasula kansanza n'kupereka kachubu, katafinyika mpaka kukhosi. Adokotala anawerenga timalemba take, napumira m'mwamba.

"Mankhwalawa si oipa," anatero. "Ndi atsopano, ndipo ifenso tikuwaphunzira kumene. Koma m'kachubu kamodzi aka muli mitundu iwiri. Wina umapha tizilombo, tina osati tonse. Winawo ntchito yake n'kutontholetsa diso, kuletsa kufiira, kutupa ndi ululu. Pa diso lopanda bala, kwa masiku ochepa, dokotala akuliyang'anira, zimathandiza. Koma diso lolasidwa ndi mpunga kapena tsamba la chimanga nthawi zina mumamera chuku, chonga chija cha pa chimanga chonyowa. Chuku sichimva mankhwala oyambawo. Ndiye achiwiriwo amagwira thupi manja kuti lisalimbane nacho. Kufiira kuja, kupweteka kuja, linali diso likukuwa. Mwamanga galu pakamwa wakuba ali m'nkhokwe."

Adokotala anatembenuza kachubuko m'manja.

"Awa sagulitsa pa sitolo. Anakupatsani ndani?"

Funso linalunjika kwa Eneya. Apongozi ake anali atakhala pansi pafupi ndi chitseko, ankamva kupuma kwawo. Ngakhale apa, diso litatayika m'njira, pakamwa pake panakana kuwatchula.

"Ndinawapeza ndekha, adokotala. Kwa munthu wapaulendo."

"Akunama," anatero amake Davisoni. "Akundisungira ulemu. Ndine ndinamupatsa. Ndinkafunsa tsiku ndi tsiku kuseri kwa mpanda, koma diso lake ndaliona lero."

Adokotala sanawakalipire, ndipo mwina kukalipa kukanawapepukira. Anangoika kachubuko m'kabati n'kutseka.

"Adokotala," anatero Eneya, "musandibisire. Ndidzaona?"

"Diso labooka, mwana wanga. Tikugoneka, tilimbana kuti chilonda chisalowe m'kati, kuti tisachite kulichotsa. Likapola lidzaphimbika ndi chipsera ngati linzakeli. Usana ndi usiku uzidzasiyanitsa. Kupitirira apo sindikulonjeza." Kenako anawonjezera chimene sanayenera kuwonjezera, koma munthu ndi munthu. "Ukanabwera lija likufiira."

Belita analira mokweza mpaka asisitere anabwera kudzamutulutsa. Eneya sanalire. Ankaganiza za mwana amene anali m'mimba, kuti adzamudziwa ndi manja.

Anagona m'chipatalamo mpaka mphepo ya mwera itatha. Tsiku lotuluka, amene anabwera kudzamutenga anali apongozi ake, chifukwa Belita anali atatopa ndi pakati. Panja pa chipata Eneya anaima, ndodo ili m'manja.

"Mayi, mkamwini wosaona ndi katundu. Mundilozere njira ya ku Chiringa, abale anga akandisunga. Belita akadali mwana, adzapeza wina womulimira."

"Simupita kulikonse, bambo. Nyumba yanu ili kwathu. Muzidya chimene ndidya ine mpaka ndidzafe."

Ankanena zoona, ndipo Eneya anadziwa kuti ndi zoona. Sadzapeza mphasa yake panja. Adzakhala pakhonde la mudzi wa eni, wosalima, wosathamangitsika, wosatha kuchoka, akudyetsedwa ndi munthu amene sangathe kumukwiyira poyera ndiponso sangathe kumukhululukira msanga. Chinamuwawa kwambiri chinali chakuti mayiwa anali ndi mawu abwino, omveka, a munthu wanzeru, ndipo mawu amenewa anali pomwepo nthawi yonse ija, kuseri kwa bango.

Amake Davisoni anagwira nsonga ya ndodo yake n'kutsogola.

"Tiyeni," anatero. "Pali mwala apa, kwezani phazi."